Makiyi Atatu a ku Inhambane

Ntchito yanga ndi yodula makiyi. Ndimakhala pakona ya kumbuyo kwa shopu ya zipangizo zomangira ku Greenbelt, pakati pa mashelefu a penti ndi a misomali, pomwe pali makina anga ndi mpando umodzi. Munthu amabwera, nkundipatsa kiyi, ine nkumudulira wina, iye nkupita. Tsiku limatha ndisanayankhule mawu makumi atatu, ndipo ntchitoyi ndinaikonda chifukwa cha chimenecho.

Ndinabwera ku America nditangolemba mayeso a Folomu 4, kudzakhala ndi azakhali anga, aNambewe, omwe kuntchito kwawo kosamalira okalamba amatchedwa Marjorie. Papita zaka ziwiri, koma kutchalitchi kwathu ku Laurel ambiri sadziwa kuti dzina langa ndine Towera. Amangoti, "mwana wa makiyi uja, wosayankhula uja."

Kusayankhulako ndi kumene kunabweretsa a Stafford Kaliwo pakona yanga Lachiwiri lina kumayambiriro a Febuluwale. A Kaliwo amagwira ntchito kubanki yaikulu ku Washington, ndipo kutchalitchi amakhala mzere wakutsogolo. Anali asanandipatsepo moni. Tsikulo anaima ndi chikhoti chawo chachitali, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna kuoloka msewu.

"Mwanawe, ndabwera kwa iwe chifukwa ndikudziwa kuti pakamwa pako pali loko," anatero motsitsa mawu. "Undidulire mnzake wa uyu. Ndikufuna ndiwapatse amayi akunyumba pa tsiku lawo lobadwa."

Anaika patebulo kiyi wachitsulo, wamtali, wa mano kunsonga, ngati wa zitseko za kwathu. Kuno makiyi otere sapezeka.

"Ndiyenera kuitanitsa kaye wosadula," ndinatero. "Mungamusiye?"

"Ayi. Uyu sagona kwa eni."

Ndiye ndinachita zomwe ndimachita kiyi wachilendo akabwera. Ndinamugoneka pa khadi loyera, nkuzunguliza pensulo yosongoka m'mbali mwake, dzino lililonse, kuti ndikafananize ndi za m'buku loitanitsira. Pojambulapo ndinaona kuti dzino lapakati linali ndi chilema: kamphako kakang'ono kopendekeka, ngati pomwe tupa anaterereka m'dzanja la munthu. Ndinalemba dzina lawo kumbuyo kwa khadilo.

"Ndi wa nyumba ya kumudzi?" ndinafunsa.

"Ndi wa nyumba," anayankha. "Basi."

Patapita masiku asanu ndi anayi kunabwera mayi Sylvia Tembo, a ku Zambia, omwe ali ndi saluni ku Laurel. Iwowa mawu awo amafika eni ake asanaoneke.

"Iwe ka mwana, uli bwanji? Waonda. Sibakupasa vakudya ba anti bako?" Anaseka, kenaka anawerama mpaka ndolo zawo zinagunda makina. "Manje mvela. Nifuna kiyi inangu monga iyi, ya mwana wanga. Koma usauze muntu. Bantu ba ku chalichi bali na jelasi maningi."

Kiyi wachitsulo, wamtali, wa mano kunsonga.

Nawonso anakana kumusiya. Ndinamujambula, ndipo pensulo itafika pa dzino lapakati inalowa m'kamphako kopendekeka. Atangochoka ndinatulutsa khadi la a Kaliwo, nkuphatikiza awiriwo, nkuwakweza kugetsi. Mizere yonse inalowana ngati wajambula kamodzi.

Makiyi a maloko a mtundu umodzi amafanana mutu ndi thupi, koma mano amasiyana. Ndipo ngakhale mano atafanana, chilema sichingafanane, pokhapokha ngati onse akopedwa kuchokera kwa kiyi mmodzi. Makina sasankha, amakopa zabwino ndi zoipa zomwe.

Ndinaganiza zomwe aliyense akanaganiza: bambo wapabanja ndi mayi wosakwatiwa ali ndi kiyi wa chitseko chimodzi. Manyazi anandigwira ngati ndasuzumira pawindo la eni. Chomwe sichinkandilowa ndi chakuti a Kaliwo ankafuna kiyi wina woti apatse akazi awo. Ndinaponya makhadiwo m'chikwama changa, nkunena mumtima kuti ndi za eni.

Lamulungu m'mawa, tikukonzekera za kutchalitchi, azakhali anandituma kuti ndiwatengere buku la nyimbo m'chikwama chawo chakuntchito. Ndikulitulutsa, pakati pa masamba panasolomoka chinthu, nkulira pansi.

Ndinawerama. Ndisanachitole nkomwe ndinali nditaona kale dzino lapakati.

*

Sindinanene kanthu mpaka titabwerako. Ndinamujambula kiyiyo pa khadi lachitatu iwo akusintha zovala, kenaka ndinadikira kuti akhale pampando wawo wa pawindo. Apo ndi pomwe ndinamuika patebulo.

"Wamutenga kuti?"

"Anagwa m'buku la nyimbo."

"Tseka chitseko," anatero, ngakhale m'nyumbamo timakhalamo awiri okha.

Ulendo wawo wa mu Novembala, womwe anandiuza kuti akupita ku Dedza kukamanga chiliza cha agogo, sunali wa ku Dedza. A Wilkins Mtalimanja anawatengera ku Mozambique, ku Inhambane, kukawaonetsa nyumba yatchuthi m'mphepete mwa nyanja ya mchere. A Wilkins palibe amene sawadziwa. Ndi omwe amayendetsa mwambo pa maukwati ndi pa maliro athu onse kuno, ndipo ali ndi kampani yopezera anthu nyumba kunja. Ndege, hotela, galimoto, zonse amakonza okha, wogula amangonyamula chikwama. Ndi omwenso ankaimbira azakhali foni tsiku lililonse 6 koloko madzulo. Ine ndinkamva ndili m'chipinda changa, foni ikulira, kenaka azakhali akuseka. Mawu oyamba a Wilkins sankasintha, ankafunsa za mawondo.

"Nyumba zilipo khumi ndi ziwiri, zofanana," anatero azakhali. "Yanga ndi nambala 7. Dipoziti ndinapereka kale. Lachisanu likubwerali ndikasaina kuti anditulutsire penshoni yanga yonse, ndimalize." Anasisita bondo. "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikutembenuza okalamba a eni, Towera. Ndikufuna koti ndizikathawirako miyezi ya chisanu. Dzuwa lizikandiotcha mafupawa."

"Bwanji simunandiuze?"

"Chinthu chabwino sachilengeza chisanathe. Anthu ali ndi maso oipa, iwenso ukudziwa. A Wilkins anandichenjeza kuti ndisauze munthu, ngakhale iwe."

Mawu awiri omalizawo ndinawameza ngati fupa la nsomba. Ndinangopempha kuti ndione zithunzi.

Panali geti loyera la matabwa, pomwe panalembedwa 7 wa buluu ndi burashi. Mpapaya wopendamira kumanzere. Sitepe yachiwiri ya pakhonde, yobenthuka pakona. Mlonda woonda ataima chapatali. Ndipo azakhali atavala bulauzi yoyera, dzanja la a Wilkins lili paphewa pawo, akumwetulira mwamtundu womwe ndinali ndisanauonepo m'nyumba muno.

Ndikanawauza pomwepo. Koma ine ndinali ndi makhadi atatu chabe, iwo anali ndi kumwetulira kuja. Kunatsala masiku asanu.

*

Lolemba linali tchuthi cha boma ndipo shopu inandipatsa mpumulo. Ndinakwera basi ya ku Laurel. Musaluni munalibe kasitomala, mayi Tembo ankachotsa tsitsi m'zipeso.

"Wabwelesa kiyi yanga?"

"Sanafike. Ndabwera kudzafunsa za ku Inhambane."

Chipeso chinawagwa m'manja. "Nindani akuuza?"

"Palibe. Nyumba yanu ndi nambala chani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Koma chinsinsi chinali chitawayabwa miyezi isanu popanda wochikanda. Anatseka chitseko, nkutulutsa foni.

"Nambala 4. Ona, mwana, ona nyanja. Tinayenda mu Sepitembala, ine na ba Wilkins chabe. Banakamba ati sibatenga bantu babili pamozi, kasitoma aliyense ni mfumu."

Ndinaona mpapaya wopendamira kumanzere, sitepe yobenthuka, ndi mlonda yemwe uja. Pageti panali 4 wa buluu.

"Nyumba zinazo munalowamo?"

"Munali bazungu ba holide. Sungangene mu nyumba ya bene. Tinaona chabe malata patali."

"Tsiku lokaona nyumbalo, m'mawa, a Wilkins anali nanu kuhotela?"

"Awe. Banachoka kuseni-seni ati bayenda kuli loya kutenga makiyi. Banabwela kuma teni, banunka palafini. Ninabaseka, nati ba Wilkins, loya wanu agulisa palafini?" Anayamba kuseka, koma anaona nkhope yanga. "Nichani iwe? Uniyangana monga pali malilo."

Ndinatulutsa makhadi atatu aja, maina nditawaphimba ndi chala, nkuwakweza pawindo. Ndinawaonetsa dzino lapakati. Ndinafotokoza za makina, kuti sasankha.

Mayi Tembo anakhala pampando wa makasitomala, moyang'anana ndi galasi. Aka kanali koyamba kuwaona ali chete.

"Benangu babili nibandani?"

"Sindinganene."

"Ninagulisa ploti yanga ya ku Chelstone, kwatu ku Zambia," anatero. Sankauza ine, ankauza mayi wa m'galasi.

*

Kuchoka ku Laurel kukafika ku Rockville kunanditengera mabasi awiri ndi sitima. A Kaliwo ndinawapeza akukankha chipale chofewa ndi fosholo kutsogolo kwa galaja. Sanandilowetse m'nyumba.

"Tamvera, mwanawe," anatero nditangotchula Inhambane. "Ine ntchito yanga ndi kuunika mapulojekiti a maiko athunthu. Ukuganiza kuti ndingagule nyumba osaona mapepala? Mapepala ndili nawo, a masitampu, osainidwa ndi loya."

"Ali m'chiyankhulo chanji?"

"Chipwitikizi. Ukanafuna akhale m'Chitumbuka?"

"Anakumasulirani ndani?"

Fosholo inaima pang'ono. "Loya."

"Munamupeza nokha?"

"A Wilkins amagwira naye ntchito kwa zaka zambiri."

Yawo inali nambala 9. Anapitako mu Januwale, awiriwiri. M'mawa wa tsikulo a Wilkins anapita mtauni kukatenga makiyi. Nditafunsa za palafini anandiyang'ana ngati ndawaponda nsapato.

"Ine sindinunkhiza anthu."

Ndinatulutsa makhadi. Sanawagwire. "Womanga nyumba zambiri amagula maloko a mtundu umodzi kuti achepetse mtengo. Ndi nkhani ya ekonomikisi, sungaimve. Sukulu unalekera pati?"

"Folomu 4."

"Ndiye kadule makiyi."

Miyendo yanga inkafuna kupita. Ndinayang'ana pansi, pa chipale chodetsedwa, nkuyankhula ndi nsapato zawo.

"Sitepe yachiwiri ya pakhonde panu ndi yobenthuka pakona. Mpapaya wapendamira kumanzere."

Iwo anali asanandionetsepo chithunzi ndi chimodzi chomwe. Mwana wawo wamkazi anatsegula chitseko nkufunsa m'Chingerezi ngati mlendoyo amwa tiyi. Anamubweza ndi dzanja, osacheuka. Kwa kanthawi ankaoneka ngati mkulu wina aliyense wozizidwa.

Ndinaganiza kuti zawalowa. Koma nditafika pokhota msewu ndinacheuka, ndipo ndinawaona atavula gulovu, foni ili pakhutu.

*

A Wilkins anabwera kushopu Lachitatu masana. Anavala suti ya bulauni ndi nsapato zonyezimira, ngakhale kunja kunali matope okhaokha. Anandibweretsera tiyi m'kapu ya pepala. Anali munthu woyamba kundigulira kanthu pantchito pano.

"Towera," anatero. Iwo dzina langa ankalidziwa. "Ndamva kuti wasanduka wapolisi. Ayi, usagwetse nkhope, mwana wanga, wachita bwino. Inenso nkhaniyi yandidya. Ngati pali chinyengo, ndiye kuti ndanyengedwa pamodzi ndi makasitomala anga. Makiyi amasunga mnzanga wa kumeneko, Mpwitikizi wina, ndi mlonda wake. Ine kunyumbazo sindinapiteko ndekha ngakhale kamodzi. Ndimafikako ndi wogula, galimoto imodzi, nthawi imodzi. M'mawa ndimakhala kwa loya mtauni. Funsa aliyense."

Ankayankhula ngati pamaliro, mofatsa, mawu aliwonse pamalo pake. Ndikanapanda makhadi aja ndikanawapepesa.

"Ndiye Lachisanu azakhali asasaine," ndinatero.

"Akapanda kusaina, nyumba ipita kwa wina, dipoziti nayo ipsa. Asaine, ine ndikakonza zonse ndikakafika kumeneko." Anatsamira tebulo langa. "Ndikufunse kanthu. Azakhali ako ali ndi ndani? Iwe ukaweruka umalowa m'chipinda nkudzitsekera. Ukudziwa kuti bondo lakumanja linawatupa sabata yatha mpaka kulephera kukwera basi? Ine ndikudziwa. Ukawalanda nyumbayi, uwapatsa chiyani?"

Za bondolo sindinkazidziwa.

Pochoka anandigwira paphewa, chala chachikulu chikudinikiza kumbuyo kwake. Amatero ndi aliyense, mkwati ndi wamasiye yemwe. Ndinayang'ana dzanjalo. Linali loyera bwino, zikhadabo zodula.

Ndipo ndinakumbukira bulauzi yoyera yopachikidwa m'wadiropu ya azakhali, yokutidwa ndi pulasitiki, yomwe akhala akundikaniza kuchapa kuyambira Novembala.

*

Lachinayi azakhali anali a shifiti ya masana. M'mawa, akumwa tiyi, ndinayala makhadi atatu patebulo nkuwauza zonse ndili chiimire. Ndinali ndisanayankhulepo nawo nthawi yaitali choncho. Pomaliza, tiyi wawo anali atazizira.

"A Wilkins anandiuza dzulo kuti ubwera ndi nkhani imeneyi," anatero. "Akuti zakupweteka kuti ndizikusiya wekha miyezi ya chisanu."

Ndinagwira msana wa mpando. "Mlonda uja wa pachithunzi. Munayankhula naye?"

Ku Inhambane kuja, a Wilkins anauza azakhali kuti mlondayo amangomva Chipwitikizi, ndiye asataye naye nthawi. Mayi Tembo ndi a Kaliwo anamudutsa ngati mtengo. Koma azakhali anga sadutsa munthu osamupatsa moni. A Wilkins ali pafoni kuseri kwa nyumba, iwo anapita pomwe anaima mlondayo nkumulonjera m'Chichewa, poti Chipwitikizi sachidziwa. Anayankha. Ndiye anamufunsa zomwe munthu amafunsa: kwanu ndi kuti, mfunda wanu ndani. Anali Fryson, wa ku Ulongwe, kutsidya kwa malire a Dedza. Anali Mbewe.

"Mlongo wanga weniweni," anatero azakhali. "Sungasiye mlongo wako kutali choncho osalemba nambala."

Nambalayo inali kuchikuto cha buku la nyimbo.

"Munamuimbirapo?"

"Ndinkati ndikamaliza kulipira, ndidzamuuze kuti ndikubwera."

Ndinaimba ine, nkuika foni patebulo kuti timve tonse. Kumeneko kunali kale masana. Kunkamveka mphepo ndi tambala chapatali.

"Achemwali a ku America? Mulungu ndi wamkulu. Ine ndimati mwina nambala munataya. Foniyi ndakhala ndikukaitchaja kugolosale tsiku ndi tsiku kuti mwina muimba."

Analonjerana. Za mvula, za chifuwa cha mwana, za mtengo wa ufa. Azakhali sanafulumire, ndipo ndinazindikira kuti akuopa kufika pamapeto pa malonjewo.

"Achimwene," anatero pomaliza, "nyumba yanga ili bwanji? Nambala 7 ija."

Mphepo inaomba m'foni.

"Yanu, achemwali? Nyumba pano ndi imodzi. Mwini wake ndi dona wa ku Joni, amabwereketsa kwa alendo sabata ndi sabata. Panopa muli azungu awiri ndi kamwana."

"Nanga malata aja a kumtunda?"

"Aja ndi a sukulu."

"Nanga nambala ya pageti?"

"Pageti sipakhala nambala. Abwana Wilkins ndi omwe amabwera m'mamawa ndi kachitini ka penti wa buluu. Ulendo woyamba burashi anandipatsa ine, koma poti sukulu sindinapite, nambala inatuluka yopotoka. Ndiye amalemba okha. Ine ndimangowathirira palafini m'manja akamaliza. Alendo akapita ndimafufuta ndi penti woyera. Anandiuza kuti anthu a ku America aliyense amakhala ndi nambala yake yamwayi, akaiona pageti amagona bwino." Anaima kaye. "Kodi ndalakwa, achemwali?"

"Ayi, achimwene. Inu simunalakwe. Ndidzaimbanso."

Foni itaduka azakhali anakhala akuyang'ana kapu yawo.

"Ndi mawu a mlonda," anatero. "A Wilkins anena kuti akunama kuti adzipulumutse. Ndipo anthu akhulupirira a Wilkins."

"Bulauzi ija, azakhali."

Sanafunse kuti iti. Ananyamuka mogwira tebulo, ndipo ndinaona kwa nthawi yoyamba mmene mwendo wakumanja ankaukokera. Anabwera nayo, nkuivula pulasitiki, nkuiyala pakati pa makhadi. Kumbuyo kwa phewa lakumanzere kunali dontho la buluu, kukula ngati njere ya nyemba. Nditaliyandikira ndinaona timizere ta chala.

"Mwina anagwira geti ponditsegulira," anatero, mawu ali pansi.

Ndinatenga foni yawo nkupita ku zithunzi za tsikulo, mwandondomeko yake. Choyamba anawajambula wantchito wa pahotela, 9:05, ali pakhonde la hotelayo, dzanja la a Wilkins lili paphewa. Chachiwiri anajambula a Wilkins eni ake, 9:11, azakhali akulowa m'galimoto atatembenuka msana, chikwangwani cha hotela chikuoneka pambali. Ndinachikulitsa ndi zala. Dontho linalipo kale. Chithunzi choyamba cha pageti chinali cha 10:02.

"Tsikulo ndinawafulumizitsa," anatero azakhali pang'onopang'ono. "Pofika 6 koloko ndinali nditavala kale. Ndinkangowaimbira kuti muli pati, muli pati. Anafika akupuma mothamanga."

A Wilkins ayenera kuti anasamba m'manja mofulumira, palafini nkuphonya m'mbali mwa chala. Pafupifupi ola lathunthu asanafike ndi azakhali pageti lomwe amati sanapitepo okha, a Wilkins anali ndi penti wa getilo m'dzanja.

"Dontholi munaliona liti?"

"Madzulo a tsiku lomwelo, povula."

"Ndiye bwanji simunafune kuti ndichape?"

Anasalaza kolala ya bulauziyo ndi chikhatho.

"Chimwalirireni ankolo ako, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, palibe anandigwirapo paphewa."

Madzulo a tsikulo foni inawalirira ali kuntchito. Anandiuza pambuyo pake kuti anaiyang'ana mpaka inasiya yokha.

*

Lachisanu sitinapite kukasaina. Tinakwera basi ya kupolisi, bulauzi ndi makhadi zili m'jumbo. Mayi Tembo, omwe ndinawaimbira usiku wa Lachinayi, tinawapeza ataima pakhomo, opanda ndolo, opanda penti wa pamilomo. Maso awo anakumana ndi a azakhali. Azimayi awiriwa akhala benchi limodzi kutchalitchi Lamulungu lililonse, aliyense atabisa kiyi wa chitseko chimodzi m'chikwama chake.

A Kaliwo nawonso ndinawaitana, koma sanabwere. Ananditumizira uthenga pafoni wakuti nkhani za kwathu sizifunika kupita kwa azungu, tikhoza kuzikamba patokha ndi abusa. Koma m'mawa womwewo, ndisananyamuke, mnzanga wa kuntchito anandiimbira kuti munthu wina wa chikhoti chachitali wasiya envulopu pamakina anga. Ndinadzera konko. Munali mapepala a Chipwitikizi ndi kiyi wachitsulo. Kalata munalibe.

Tisanalowe, azakhali anandigwira mkono.

"Ukayankhule ndiwe. Ine Chingerezi chimandithawa ndikachita manyazi."

Ndinayankhula ine. Wapolisi wake anali mayi wa tsitsi la imvi, yemwe sanandidule mawu ngakhale pomwe ndinkachita chibwibwi. Anakweza makhadi aja kugetsi mmene ndinamuonetsera, anayerekeza makiyi atatuwo patebulo, anajambula dontho la buluu, nkulemba nambala ya a Fryson. Anati a Wilkins awafuna tsiku lomwelo. Anatinso mosabisa kuti zomwe zinaperekedwa kale mwina sizidzabwerera. Mayi Tembo anangogwedeza mutu. Penshoni ya azakhali inali ikadali pomwe inali.

Tinafika kunyumba dzuwa likulowa kuseri kwa mafulati. Azakhali sanavule chikhoti. Anakhala pampando wawo wa pawindo, foni ili pamiyendo, galasi lake likuyang'ana kumwamba. Panja magalimoto a oweruka kuntchito ankalowa limodzilimodzi, aliyense nkutsika yekha, nkulowa chitseko chake.

6 koloko inakwana. Ndinali nditaima pakhomo la chipinda changa, dzanja lili pa chogwirira, monga masiku onse. Mphindi zisanu zinadutsa. Iwo ankadziwa bwino kuti siilira, ndipo ikanalira sakanaiyankha, komabe maso awo sanachoke pafonipo.

Ndinasiya chogwiriracho. Ndinapita kubafa, nkutunga madzi ofunda m'beseni, nkutenga thaulo. Ndinagwada patsogolo pawo nkuyamba kuwamasula zingwe za nsapato.

"Mawondo ali bwanji lero, azakhali?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenuza foni ija, nkuiika chafufumimba pawindo.

"Akuwawa," anatero. "Lakumanjali ndiye kwambiri."